Kupita ku Cape Maclear ndi anzanu kukapalasa kayak: muyambe bwanji?

Mwafunsa mmene inu ndi anzanu mungayambire ulendo wopalasa kayak (kabwato kakang'ono kopalasa ndi nkhafi) ndi kugona m'matenti ku Cape Maclear, kuchokera ku Lilongwe.

Choyamba, sungitsani malo ogona pachilumba cha Domwe, chomwe chili pafupi ndi Cape Maclear, musananyamuke. Musangotulukira ndi tenti pamutu, ndi malo a Lake Malawi National Park ndipo kulowa n'kolipira.

Nyamukani m'mamawa, mudzere ku Salima. Tapani ndalama komweko, mugulenso mpunga ndi madzi akumwa. Kenako tsatani msewu wa ku Golomoti, mukhotere ku Monkey Bay. Musanafike m'tauniyo pali mphambano yolowera kumudzi wa Chembe, komwe ndi ku Cape Maclear, pafupifupi makilomita 18 kuchokera pamphambanopo.

Tsiku limenelo musapalase, gonani kumtunda. Madzulo longedzani: mafoni, machesi ndi zofunda m'matumba osalowa madzi, zolemera pakati pa bwato. Bulangeti lonyowa pachilumba silikoma, ndikuuzeni.

M'mawa lowani m'madzi kulowera ku Domwe dzuwa likungotuluka, nyanja ili bata, aliyense atavala jekete yoyandamitsa. Ngati ndi June mpaka August, funsani asodzi za mwera. Akati lero ayi, khalani pansi mudye usipa.

Mukabwerako kayezetseni likodzo.