Kagawidwe ka Uthenga kwa anzathu apantchito kuno ku Joni

Abale amene mumagwira ntchito ndi Mazulu, Asotho kapena Mazimbabwe ndipo mumafuna kuwauzako za Yesu koma chiyankhulo chimakutchingani, yesani izi. Mukapeza wifi yaulere pangani dawunilodi app ya YouVersion, muikemo Baibulo la Chichewa, la Chizulu, Chisotho ndi Chishona, mabaibulo ambiri ukawasunga mufoni amatseguka popanda data, nde bandulo yanu imakhala phee.

Nthawi ya lanchi kapena pamzere wa taxi ku Bree musayambe ndi ulaliki wautali ayi, munthu watopa kale. Mufunseni kaye ngati ali ndi mpata, akakana musiyeni. Akalola mpatseni foni awerenge yekha 1 Akorinto 15:3-4 mchiyankhulo chake, pamenepo pali mutu wonse wa nkhani, Khristu anafera machimo athu, anaikidwa mmanda, anauka tsiku lachitatu. Kenako nenani mwachidule zomwe Mulungu wakuchitirani inuyo, zenizeni osakokomeza.

Zimayenda chifukwa mawu awerenga yekha, sakuona ngati mukumukakamiza. Za mpingo uti ndi wabwino zisiyeni kaye, zimangobutsa mkangano lanchi nkutha.