Morphine musamuope, tramadol musamupeputse

Tikamayendera odwala m'makomo timapeza mabanja a mitundu iwiri. Ena abisa botolo la morphine, mayi akubuula ndi khansa usiku wonse, ati amenewa ndi mankhwala a munthu wotsala madzi amodzi. Ena akumwetsa bambo tramadol ngati panado. Achiwiriwa ndiwo amandidetsa nkhawa kwambiri.

Mankhwala awiriwa ndi ochepetsa ululu, a banja limodzi. Morphine ndiye wamphamvu, pafupifupi kakhumi kuposa tramadol, ndipo pa ululu woopsa wa khansa ndiye woyenera. Morphine wamadzi uja amamwedwa maola 4 aliwonse, osadikira kuti ululu uyambe wabwerera. Yezani ndi sirinji imene anakupatsani a namwino, osati supuni ya tiyi. Masiku oyamba wodwala amawodzera kapena kuchita nseru, zimenezi zimatha. Kudzimbidwa ndiko sikutha, choncho pemphani mankhwala ofewetsa m'mimba tsiku lomwelo, ndipo papaya ndi madzi akumwa zisasowe. Ngati wodwala ali ndi vuto la impso, auzeni adokotala, chifukwa morphine amaunjikana m'thupi.

Tramadol ndi wofooka pa ululu, koma ali ndi zoopsa zakezake. Amatha kugwetsa munthu ngati wakhunyu, makamaka akapyola mamiligalamu 400 patsiku, ndipo wakhunyu kale amagwa ngakhale pa mlingo wochepa. Akakumana ndi amitriptyline kapena fluoxetine, mankhwala a matenda okhumudwa, munthu amatha kunjenjemera, kutuluka thukuta, kutentha thupi ndi kubalalika mutu. Komanso tramadol amadalira chiwindi kuti chimusandutse kukhala mankhwala amphamvu pa ululu, ndipo ziwindi zathu sizifanana: mbulu womwewo wina sumuthandiza, wina umamugoneka zedi. N'chifukwa chake sitimwetsa mwana wosakwana zaka 12 kapena mayi woyamwitsa. Chonde musagawireko mnansi.

Onse awiri amachedwetsa kupuma, ndipo akasakanizidwa ndi mowa kapena diazepam (mankhwala ogonetsa) amatha kupha. Onse awiri thupi limawazolowera, kotero amene wamwa kwa milungu asasiye mwadzidzidzi. A chipatala amachepetsa pang'onopang'ono.

Mukaona wodwala sakudzuka mukamugwedeza, akupuma motalikitsa, milomo yasintha mtundu, musamwetsenso. Mugonekeni chammbali, thamangani naye kuchipatala mutanyamula botolo kapena paketi ya mankhwalawo. Jekeseni wa naloxone amabweza mphamvu ya morphine, koma pa tramadol amathandiza kupuma kokha, kugwa kuja sakuletsa, ndiye adokotala ayenera kudziwa chimene wamwa.