Musanalipire mayeso a satifiketi, gwirani kaye ntchitoyo

Anzanga opanga mapulogalamu, musathamangire kulembetsa mayeso mutangoonera mavidiyo basi. Mayeso a Certified Kubernetes Administrator, oyesa luso loyang'anira Kubernetes (chida choyendetsera mapulogalamu pa makompyuta ambiri pamodzi), alibe mafunso osankha yankho. Amakupatsani maola 2, terminal (polembera malamulo a kompyuta) ili patsogolo panu, cluster (gulu la makompyuta ogwirira ntchito limodzi) yasokonekera, inu mukonze. Woloweza pamtima amangoti kakasi, cursor ikuphethira, nthawi ikutha.

Ndiye ikani minikube kapena kind (zida zopangira cluster yaing'ono yoyeserera) pa kompyuta yanu, muyendetsepo kapulogalamu kanu komwe, kenako muwononge dala. Fufutani pod (kagawo komwe pulogalamu imayendera mu cluster), sokonezani mzere umodzi mu fayilo ya YAML yofotokoza makonzedwe a pulogalamuyo, muwerenge bwinobwino zomwe lamulo la kubectl describe likuuzeni za vutolo. Mukamachita zimenezi madzulo aliwonse, zala zimazolowera zokha. Pa mayesowo amalola kutsegula zolemba za Kubernetes, choncho phunziraninso kupeza tsamba lofunika mwachangu. Zimandimvetsa chisoni kuona munthu wodziwa ntchito akutaya mphindi zambiri pofufuza chinthu chaching'ono.

Musaiwale kuti satifiketi imatha: mwachitsanzo, ya AWS (Amazon Web Services) imakhala zaka 3.

Kunena za misonkhano ya opanga mapulogalamu, ngati kupitako kwavuta, nkhani za ku KubeCon ndi FOSDEM ya ku Brussels zimaikidwa pa intaneti kwaulere. Sankhani imodzi, muyesere tsiku lomwelo zomwe mwamvazo.