Kuphunzira mawu a Chingerezi powerenga Ramayana

Mwafunsa ngati nkhani zakale za Ahindu zingakuthandizeni kudziwa mawu ambiri a Chingerezi. Zingakuthandizeni ndithu, koma musayambe ndi Bhagavad Gita, buku lopatulika la Ahindu. Mavesi ake 700 ndi ozama kwambiri kwa munthu amene akuyamba kumene.

Yambani ndi Ramayana, nkhani ya kalonga Rama, imene mlembi wa ku India R. K. Narayan anailemba mwachidule m'Chingerezi chosavuta mu 1972. Werengani tsamba limodzi patsiku, pensulo ili m'manja. Mukapeza mawu achilendo, musathamangire dikishonale, nkhaniyo ikuuzeni kaye. Rama akuchotsedwa kwawo ku Ayodhya kukakhala m'nkhalango zaka 14, ndiye mukaona mawu akuti exile, tanthauzo mwalipeza kale. Kenako tsimikizani m'dikishonale, mulembe m'kope pamodzi ndi chiganizo chonse chimene mwawapezamo. Mawu asanu patsiku ndi okwanira.

Tsamba lomaliza la kopelo lisungireni mawu amene Chingerezi chinabwereka ku India, monga guru, karma ndi avatar. Ine amandisangalatsa ndi juggernaut (chinthu champhamvu chosaletseka), ochokera ku dzina la Jagannath, mulungu wa Ahindu amene galeta lake lalikulu anthu amalikoka mumzinda wa Puri chaka chilichonse.

Madzulo, mufotokozereni mnzanu gawo la tsikulo mokweza, mukugwiritsa ntchito mawu asanu aja.