Momwe mungapemphere ndalama ku boma zomangira siteshoni ya ozimitsa moto kumudzi

Kumudzi moto ukabuka, galimoto yozimitsira moto imafika nyumba itasanduka kale phulusa, eniake atasowa mtengo wogwira. Mawa lake anthu amakwiya nkumati tiyeni tilembe kalata boma litimangire siteshoni yathu. Kalata yodandaula yokha siitulutsa ndalama abale, amene amagawa ndalama za boma amafuna manambala komanso umboni woti chinthucho sichidzafa pakatha chaka.

Choyamba gulani kope. Eya, kope basi. Moto uliwonse wa m'dera lanu uzilembedwa, tsiku lake, chomwe chapsa, nthawi yomwe munaimba foni ndi nthawi yomwe thandizo linafika, ngati linafika nkomwe. Yezani makilomita kuchokera pa siteshoni yomwe muli nayo pafupi, ndipo muyeze potsata msewu weniweni osati mzere wowongoka wa pamapu, chifukwa mlatho umodzi wokokoloka nthawi yamvula umasintha nkhani yonse. Onjezani chiwerengero cha anthu, masukulu, zipatala ndi malo ogulitsira mafuta. Ku America kuli muyezo wa NFPA 1720, wa bungwe loona za chitetezo ku moto, umene umati kumadera akumidzi ozimitsa moto odzipereka 6 azifika pamalo pasanathe mphindi 14, pa maulendo 80 mwa 100 aliwonse. Ngati kope lanu likuonetsa kuti kwanu kumatenga ola lathunthu, fomu yanu yayamba kale kudzilankhulira yokha.

Chachiwiri, wopempha ndani? Boma silipereka ndalama kwa munthu mmodzi kapena gulu la pa WhatsApp. Pakhale khonsolo kapena bungwe lolembetsedwa mwalamulo, lokhala ndi malamulo ake, komiti, ndi akaunti ya ku banki yosainira anthu osachepera awiri. Zolembetsazi zimachedwa zedi, ku America komweko kulembetsa pa SAM.gov, webusaiti ya boma yolembetsera ofuna ndalama za boma, nkwaulere koma kumatha kutenga masabata, ndiye musadikire kuti boma lilengeze kaye kuti layamba kulandira mafomu.

Chachitatu ndi pomwe ambiri amagwera. Werengani bwino kuti thumba lomwe mukupemphako limalipira chani. Mwachitsanzo thumba la Assistance to Firefighters Grant, lomwe limayendetsedwa ndi FEMA, nthambi ya boma la America yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo linayamba mu 2001, limagula magalimoto, zovala zodzitetezera ndi maphunziro koma kumanga siteshoni yatsopano ayi. Zomangamanga zimapita ku pulogalamu ya Community Facilities ya USDA, unduna wa zaulimi wa ku America, ya madera a anthu osapitirira 20,000, ndipo nayonso siilipira zonse, imalekezera pa 75 peresenti kwa madera ang'onoang'ono osaukitsitsa. Dziko lililonse lili ndi matumba ake koma nkhani ndi yomweyi, mukagogoda pa khomo lolakwika fomu yanu saiwerenga nkomwe. Imbani foni kwa ofesala woyang'anira thumbalo mumufunse mwachindunji, ntchito yake ndi imeneyo.

Kenako bajeti. Pezani makotesheni atatu pa chinthu chachikulu chilichonse, ndipo musakwezemo mitengo poganiza kuti akadula, amaona. Mapepala a malo akhale m'dzina la bungwe, osati mawu apakamwa a munthu wachifundo amene ana ake adzabwera kudzalanda. Nenaninso zomwe inuyo muikepo, ndalama, malo kapena ntchito ya manja ngati malamulo a thumbalo akulola. Ndipo chonde musagule kapena kuyamba kumanga kalata yovomereza isanabwere, nthawi zambiri zomwe mwawononga kale sabweza.

Tsono apa ndipomwe ine ndimalimbikira kwambiri. Nyumba ndi galimoto yofiira ndi zokongola pa tsiku lodula riboni, koma dizilo azigula ndani? Matayala, inshuwalansi, batire, kukonza pampu? Madzi muziwatunga kuti? Galimoto yonyamula malita 3,000 pa paipi yotulutsa malita 500 pa mphindi imauma pa mphindi 6 zokha, ndiye popanda damu, thanki yayikulu kapena mtsinje wofikika ndi galimoto, mwangogula chokongoletsera pabwalo. Lembani poyera mayina a maudindo, odzipereka angati, aphunzitsidwa liti komanso ndalama zoyendetsera zaka zikubwerazi zizichokera kuti. Kalata yochokera ku siteshoni yayikulu yovomera kuti izikuphunzitsani komanso kuthandizana nanu pa moto waukulu imalemera kuposa masamba khumi a madandaulo.

Tumizani kutatsala masiku angapo, intaneti imakonda kuvuta tsiku lotsekera lomwelo. Akakukanani funsani chifukwa chake, konzani, chaka chamawa mutumizenso kope lija litanenepa. Akakupatsani sungani lisiti lililonse mu fayilo imodzi ndipo malipoti azipita pa nthawi yake, chifukwa ndalama yosowa lisiti amatha kukuuzani kuti muibweze.