Momwe mungachitire ndi inshuwalansi ya galimoto mukasamukira ku state ina ku America

Kuchoka ku South Bend ku Indiana kukafika ku Niles ku Michigan ndi ulendo wa mphindi 20 chabe pagalimoto. Abale athu amene amakhala chigawo chimenechi amadutsa malirewa tsiku ndi tsiku, ena kuntchito, ena kutchalitchi, ena kusukulu ku Andrews University ku Berrien Springs, ndipo palibe chipata kapena wapolisi woimitsa munthu. Koma tsiku limene galimoto yanu yayamba kugona tsidya linalo, inshuwalansi yake iyenera kusintha, ndipo mtengo umasintha nawo. Kwathu third party imene mwagula ku Blantyre mumayenda nayo mpaka ku Karonga chifukwa lamulo ndi limodzi. Ku America state iliyonse ili ndi lamulo lakelake.

Ine ndinayamba ndasaina pepala la lendi, kufunsa za inshuwalansi pambuyo. Ndinaimba foni nditaima m'khitchini pakati pa makatoni osamasula, mayi wa ku kampani n'kundiwerengera mtengo watsopano. Ndinawapempha kuti abwereze, ndimaganiza kuti sindinamve bwino. Ndalama imene ndinkati ndapulumutsa pa lendi inathera pomwepo. Inu musadutse njira imeneyi.

Choyamba, funsani mtengo musanasaine nyumba

Makampani amawerengera mtengo potengera malo amene galimoto imagona usiku. Amaona kuchuluka kwa ngozi m'deralo, umbava wa magalimoto, nyengo yake, komanso ndalama zimene zipatala ndi magalaja akumeneko amalipiritsa. N'chifukwa chake munthu wa mumzinda wa Detroit amalipira zambiri kuposa wa ku Niles ngakhale onse ali mu Michigan. Mukapeza nyumba imene yakusangalatsani, tengani adiresi yake yonse, nambala ya VIN ya galimoto (nambala ya chasisi), malayisensi a onse oyendetsa m'nyumba mwanu, ndi tsamba loyamba la inshuwalansi yanu yapano limene limaonetsa zonse zimene munagula. Funsani makampani atatu kapena anayi, aliyense mumuuze zofanana. Ndalamayo muiphatikize ndi lendi, mukatero ndiye mwadziwa mtengo weniweni wa nyumbayo.

Chachiwiri, dziwani zimene lamulo la kumeneko likufuna

Apa ndi pamene pagona nkhani. Ku Indiana lamulo limafuna inshuwalansi yosachepera 25/50/25. Manambalawa akutanthauza madola 25,000 a munthu mmodzi amene mwamuvulaza, madola 50,000 a onse ovulala pangozi imodzi, ndi madola 25,000 a katundu wa eni amene mwawononga. Amene walakwa pangozi ndiye amene inshuwalansi yake imalipira. Ku Texas manambalawa ndi 30/60/25, ndipo California inakweza ake kufika 30/60/15 kuyambira pa 1 Januwale 2025.

Michigan imayendera ina. Kuyambira 1973 imatsata dongosolo lotchedwa no-fault: mukavulala pangozi, kampani yanu yomwe ndiyo imalipira chipatala, kaya wolakwa ndinu kaya ndi mnzanuyo. Gawo limeneli limatchedwa PIP, ndipo kwa zaka zambiri aliyense ankakakamizidwa kugula PIP yopanda malire, yolipira chithandizo moyo wonse. Ichi ndi chimodzi mwa zimene zinachititsa kuti inshuwalansi ya ku Michigan ikhale yodula kwambiri. Mu 2019 bwanamkubwa Gretchen Whitmer anasaina lamulo latsopano, ndipo kuyambira Julayi 2020 munthu amasankha yekha: yopanda malire, ya madola 500,000, kapena ya 250,000. Ya 50,000 ndi ya amene ali pa Medicaid (thandizo la chipatala la boma la opeza zochepa), pomwe kukaniratu PIP kumaloledwa kwa amene ali ndi Medicare Part A ndi Part B (inshuwalansi ya chipatala ya boma ya okalamba ndi olumala), malinga ngati a m'banja mwake nawonso ali ndi chitetezo choyenera. Mukapanda kusankha, amakuikani pa yopanda malire ija.

Diso limathamangira pa mtengo wotsika, ndikudziwa, makamaka kwa ife amene mwezi ukatha timatumizanso kenakake kumudzi. Koma musanasankhe yotsika, pitani kwa a ofesi yoona za ogwira ntchito kumene mumagwirako mukafunse ngati inshuwalansi yanu ya chipatala imalipira kuvulala kwa pangozi ya galimoto, ndipo yankholo akupatseni polemba. Zina sizilipira. Munthu wothyoka msana amene akufunika womusamalira usana ndi usiku sachedwa kumaliza madola 250,000.

Palinso china chimene ambiri ochokera ku Indiana amadzidzimuka nacho. Wina akakugundani ku Michigan, musayembekeze kuti kampani yake ikukonzerani galimoto yonse. Chimene mungatenge kwa wolakwayo sichipitirira madola 3,000, pa lamulo lotchedwa mini-tort. Zotsalazo zimachokera ku gawo la collision la inshuwalansi yanu, lolipira kukonza galimoto yanu ikagundana, ngati munaligula. Choncho galimoto imene ku South Bend mumayenda nayo pa inshuwalansi ya lamulo yokha, ku Niles muiganizire kawiri. Funsani za broad form collision, imene sikulipiritsani deductible (ndalama imene mumayamba mwatulutsa nokha kampani isanalipire) ngati wolakwa kwambiri si inu.

Chachitatu, musasiye adiresi yakale

Wina adzakunong'onezani kuti ingosiyani adiresi ya achimwene ku South Bend, adziwa ndani? Adzadziwa tsiku la ngozi. Ofufuza a kampani amafunsa kumene mumagona, amaona pepala la lendi, amaona kumene makalata anu amafikira. Akapeza kuti munanama za kumene galimoto imagona, angathe kukana kulipira ndi kuthetsa inshuwalansiyo ngati kuti sinakhalepo, inu muli pabedi m'chipatala. Zaka zonse munkalipira zija zapita m'madzi. Ndipo lamulo la Michigan limanena kuti ngakhale munthu amene si wokhala kumeneko, galimoto yake ikayenda mu state imeneyi masiku oposa 30 pachaka iyenera kukhala ndi inshuwalansi ya no-fault. Amene mumagona ku Indiana koma ntchito ili ku Michigan, funsani kampani yanu za nkhani imeneyi sabata ino.

Chachinayi, gulani yatsopano kenako thetsani yakale

Ngakhale kampani yanu ikugwira ntchito mbali zonse ziwiri, sangangosintha adiresi basi. Amatseka yakale ndi kulemba ina motsatira lamulo la kumene mwapita, ndipo mwina akupatsani ajenti wina chifukwa ajenti amakhala ndi chilolezo cha state yakeyake. Konzani kuti yatsopano iyambe tsiku lomwelo limene yakale ikutha, kapena zilumikizane ndi tsiku limodzi. Pasakhale mpata. Makampani akaona kuti munakhalapo opanda inshuwalansi amakuyesani munthu wangozi ndipo amakweza mtengo. Pothetsa yakale pemphani kalata yotsimikiza zaka zimene mwakhala nawo, komanso ndalama yanu yotsala ngati munalipiriratu miyezi isanu ndi umodzi.

Amene mukuchoka ku New York kapena ku Florida samalani: kumeneko amafuna mubweze nambala puleti musanathetse inshuwalansi, apo ayi angayimitse layisensi yanu inu muli kutali.

Chachisanu, lembetsani galimoto ndi kusintha layisensi

Ku Michigan zimenezi zimachitikira ku ofesi ya Secretary of State, ndipo amafuna muchite mukangokhazikika. Ku Indiana ndi ku BMV, ofesi yoona za magalimoto, ndipo amakupatsani masiku 60. Ku Texas kulembetsa galimoto ndi masiku 30. Konseko amafuna umboni wa inshuwalansi yokwanira pa lamulo la state yawo, n'chifukwa chake sitepe iyi ikubwera pambuyo pa inayo. Nyamulani title, pepala losonyeza mwini galimoto, ndi mapepala osonyeza adiresi yatsopano. Ngati galimoto ndi yangongole, dzina la banki lilembedwe pa inshuwalansi yatsopanoyo. Banki ikaona kuti yakale yatha koma sinalandire umboni wa ina, imagula yake yodula n'kuiwonjezera pa ngongole yanu.

Mtengo ukakhala kuti wakwera mopweteka

Mbiri yanu imakutsatani. Ngozi ndi madandaulo amene munapereka m'zaka 7 zapitazi zimasungidwa mu lipoti lotchedwa CLUE la kampani ya LexisNexis, ndipo muli ndi ufulu wolipempha kwaulere kamodzi pachaka. Liwerengeni, ngati muli cholakwika uzani kuti akonze. Mbiri ya ngongole nayo imalowa m'masamu a makampani m'madera ambiri, zimene zimapweteka munthu wongofika kumene ku America amene alibe mbiri iliyonse. California, Hawaii ndi Massachusetts analetsa zimenezi pa inshuwalansi ya galimoto, choncho wochoka kumeneko angaone mtengo ukudumpha pa chifukwa ichi chokha.

Njira zotsitsira zilipo. Kwezani deductible, ndalama ija mumayamba mwatulutsa nokha kampani isanalipire, koma ikhale yoti mungaipeze mawa m'mawa popanda kukongola. Gulani inshuwalansi ya katundu wa m'nyumba ya lendi ku kampani yomweyo, kawirikawiri amachotsera. Ngati ntchito yatsopano ili pafupi, auzeni kuti mtunda umene mumayenda pachaka wachepa.

Gawo limodzi lokha ndikupemphani musalichotse mukasamukira kumidzi ya Michigan, ndilo comprehensive. Ndi limene limalipira galimoto ikabedwa, ikaphwanyidwa ndi matalala, kapena mukagunda nyama. Misewu ya ku Berrien County madzulo a mwezi wa Okutobala ndi Novembala imadzadza agwape. Ine ndinakumana naye mmodzi ndikuchokera ku shifiti ya usiku: ndinangoona maso awiri akunyezimira m'mphepete mwa munda wa chimanga, kenako phokoso, boneti yapindika, nyali ya kumanja ili zidutswazidutswa pamsewu. Ndinalipira deductible yokha, zotsalazo inalipira kampani, ndipo patatha masabata awiri ndinakatenga galimoto kugalaja.