Kukonza Makina Kuti Liwiro la Mota Lizisinthika

Makina ambiri ogwirira ntchito pakhomo, monga lathe (makina osemera chitsulo kapena mtengo pouzunguza) ndi makina obowolera, amasinthidwa liwiro posuntha lamba kuchoka pa wilo lina kupita pa lina, ndipo chifukwa ntchitoyi ndi yotopetsa, eni ake amangowasiya pa liwiro limodzi. Njira yodalirika ndi kuika VFD, kabokosi komwe kamalandira magetsi wamba a m'nyumba, a feizi imodzi a 230V, n'kutulutsa a mafeizi atatu omwe ma Hz ake (muyeso wa maulendo omwe magetsi amasinthasintha pa sekondi) mungathe kuwakweza kapena kuwatsitsa, ndipo liwiro la mota limakwera kapena kutsika motsatira.

Yambani mwawerenga kachitsulo kolembedwa pa mota. Mota ya feizi imodzi yokhala ndi kapasita (kachipangizo kosunga moto) yoyambitsira musailumikize ku VFD, chifukwa swichi yake yamkati imatseguka pokhapokha mota ikafika pa liwiro lokwanira, ndipo liwiro likakhala lotsika mawaya oyambitsira amakhalabe ndi moto mpaka kupsa. Pezani mota ya mafeizi atatu yolembedwa 230/400V, muilumikize mwa delta (kalumikizidwe ka mawaya a mota koyenera 230V), kenaka musankhe VFD yopirira maampu olembedwa pa motayo. Maampu omwewo muwalembe m'makonzedwe a VFD kuti izitha kuteteza mota.

Mawaya atatu ochokera ku VFD apite molunjika ku mota, popanda swichi pakati, chifukwa kudula moto pamenepo mota ikuzungulira kungawononge VFD. Swichi yoyatsira ilumikizidwe ku timawaya toyendetsera VFD. Waya wa ethi (waya wachitetezo wolumikizidwa ku nthaka) afike pa VFD, pa mota ndi pa thupi la makina. Mukazimitsa magetsi, dikirani mphindi zomwe buku la VFD latchula musanakhudze mkati, popeza makapasita amasunga moto woopsa.

Chomwe ambiri amalakwitsa ndi kuchotsa mawilo a lamba poganiza kuti ntchito yawo yatha. Mota yozungulira pafupifupi ka 1,400 pa mphindi pa 50 Hz imazungulira pafupifupi ka 700 pa 25 Hz, koma mphamvu yake nayonso imatsika ndi theka, ndipo fani yomwe ili pa mota imaziziritsa mochepa. Pobowola chitsulo chokhuthala, ndi bwino kutsitsa liwiro ndi lamba kaye, VFD n'kumangokonzera pang'ono.

Pa lathe yomwe chogwirira chinthu chosemedwa chimamangidwa pochipotera, ikani pa VFD nthawi yoimira ya masekondi angapo, chifukwa kuima mwadzidzidzi kungachimasule. VFD yokhayo ikhale m'bokosi lolowa mpweya, kutali ndi fumbi ndi tizidutswa ta chitsulo.